Mapointi a CPD a pa intaneti: mafunso ndi mayankho kwa ojambula mapulani a kunyanja

Mafunso ali panowa ndi omwe akhala akundipeza mobwerezabwereza, ena pa WhatsApp, ena pa saiti, ena tili pabenchi ku khonsolo kudikira kuti mapulani adindidwe. Ofunsa ndi anzanga a ntchito imodzi: ma architect, ojambula mapulani omwe anadzera ku teknikolo, ndi okonza m'kati mwa nyumba ndi malo ogona alendo, kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay, mpaka ku Nkhotakota ndi Dwangwa. Chosekesa n'chakuti misonkhano yambiri ya akatswiri imachitikira konkuno kunyanja. Magalimoto awo timawaona akudutsa pa Kamuzu Road, pakatha masiku atatu n'kubwerera kwawo. Koma msonkhano wa ntchito yathu subwera mwezi ndi mwezi, ndipo ukakupezani mukuthira silabu ndiye kuti wakudutsani. Zina zambiri zimachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. N'chifukwa chake ambiri maso ali ku intaneti.

CPD n'chiyani? Sukulu tinamaliza kale ife.

Ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Continuing Professional Development. Ku America amangoti continuing education. Nkhani yake ndi yakuti munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa ntchito azionetsa kuti sanasiye kuphunzira tsiku lomwe anavula gauni. Maola omwe waphunzirawo ndi amene timawatchula kuti mapointi.

Chifukwa chake sichisowa. Amene anamaliza ku Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS, cha m'ma 2005 anatuluka akudziwa kuti khoma ndi njerwa zootcha basi. Mu 2018 kunabwera malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, ndipo tonse tinayambanso kuphunzira mabuloko a simenti ndi njerwa za SSB, zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono zosaotcha: kukula kwake, kasakanizidwe kake, malo omwe zimakonda kung'ambika. Lamulo la Physical Planning la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, osati matauni okha. Digiri ya 2005 zimenezi siizidziwa. Ku Britain kunachita kutengera maliro: moto wa pa Grenfell Tower mu 2017 unapha anthu 72, ndipo kuyambira 2024 bungwe losunga kaundula wa ma architect kumeneko, la ARB, limafuna umboni wa maphunziro chaka chilichonse, nkhani ya moto ndi chitetezo cha anthu ili patsogolo.

Ndikamaliza kosi pa intaneti, mapointi ndapeza kale eti?

Ayi, ndipo pa mafunso onse ili ndilo limawawitsa anthu mitima. Mwini kosi amapereka satifiketi. Mapointi amawerenga ndi bungwe lomwe likusunga dzina lanu. Satifiketi ya kunja ili ngati randi m'thumba: ndi ndalama ndithu, koma mayi wogulitsa usipa pamsika sailandira mpaka itasinthidwa, ndipo mtengo wosinthira sauika ndinu.

Kuno kwathu kaundula wa ma architect ndi ma quantity surveyor ali m'manja mwa Board of Architects and Quantity Surveyors, pansi pa lamulo la dzina lomwelo. Malawi Institute of Architects ndi bungwe la eni ntchito, lomwe limakonza misonkhano ndi maphunziro. Mainjiniya ali ndi Malawi Engineering Institution. Dziwani kaye khomo lomwe dzina lanu lili, kenako lembani kalata musanalipire kalikonse. M'kalatamo muike dzina la kosi, amene akuphunzitsa, maola ake, mitu yomwe ili m'kati, ngati kuli mayeso kumapeto, ndi mabungwe omwe anaivomereza kale. Funsani mafunso awiri okha: kodi mudzaiwerenga, ndipo mudzaiwerenga ngati mapointi angati? Yankho lolembedwalo lisungeni pamodzi ndi satifiketi. Yankho la pa foni limaiwalika, ndipo amene anakuyankhaniyo mawa akhoza kukhala atasamuka ofesi. Safunsa anadya phula.

Kwina alemba LU, kwina CEU, kwina credit. Zonsezi ndi chinthu chimodzi?

Si chimodzi, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu moti munthu akhoza kuganiza kuti ali ndi thumba la mpunga pomwe ali ndi mbale imodzi.

Bungwe la ma architect a ku America, la AIA, limawerenga ma LU, ndipo LU imodzi ndi ola limodzi. Membala wawo amafunika 18 pachaka, mwa amenewo 12 akhale a zilembo za HSW, kutanthauza maphunziro okhudza umoyo, chitetezo ndi ubwino wa anthu ogwiritsa ntchito nyumbayo. Bungwe la RIBA ku Britain limawerenga maola enieni, 35 pachaka. Theka lake likhale maphunziro okonzedwa bwino okhala ndi mphunzitsi, ndipo maola 20 agawidwe pa mitu khumi yomwe iwo anasankha. Ku South Africa, komwe anzathu ena analembetsanso, bungwe losunga kaundula wa ma architect la SACAP limafuna ma credit 25 pa zaka zisanu, koma credit imodzi ya maphunziro ndi maola 10. CEU yachikhalire nayo ndi maola 10, n'chifukwa chake pa satifiketi ya kosi ya ola limodzi mumaona 0.1, musaganize kuti akuberani. Amene ali ndi LEED AP, satifiketi ya ku America ya kamangidwe kosamala chilengedwe, amafunika maola 30 pa zaka ziwiri, a LEED Green Associate maola 15.

Ndiye mukaona nambala 3 pa satifiketi, akhoza kukhala maola atatu, akhozanso kukhala maola 30. Ine m'kope langa ndimalemba zonse m'maola, chifukwa ola ndi chinenero chomwe bungwe lililonse limamva. Kusinthira ku mapointi ndimasiyira eni kaundula.

Ine si architect. Ndimajambula mapulani a anthu ku Lifuwu ndi ku Khombedza. Zikundikhudza?

Ngati dzina lanu lili m'kaundula wa bungwe lina lililonse, tsatani zomwe bungwelo likufuna. Ngati mulibemo, palibe adzakufunseni mapointi. Koma tinene zoona: nyumba zambiri za m'maboma a Salima ndi Nkhotakota sizijambulidwa ndi ma architect. Zimajambulidwa ndi inu, ophunzira ku Salima Technical College ndi masukulu ena a TEVETA, kapena amene munaphunzirira AutoCAD pa kompyuta ya achimwene anu. Denga likaseruka ndi mwera, mwini nyumba safunsa za kaundula, amabwera pakhomo panu. Choncho makosiwa mwina inu ndi amene mukuwafuna kwambiri. Okonza m'kati mwa nyumba ali ndi bungwe la kunja lovomereza makosi awo, la IDCEC, ndipo chizindikiro chake mudzachiona pa makosi okhudza magetsi owunikira, penti, matailosi ndi mipando.

Makosiwa amapezeka kuti?

Alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi a mabungwe a ntchito: RIBA Academy, AIAU ya bungwe la AIA, ndi ma webinar (misonkhano ya pa intaneti) a mabungwe a ku South Africa. Ambiri ndi olipira, koma ndi omwe amasinthika mosavuta chifukwa anavomerezedwa kale kwina. Achiwiri ndi a mayunivesite pa edX, Coursera ndi FutureLearn. Awa ndi aatali, a masabata angapo, ndipo ndi ozama, koma sabwera ndi mapointi okonzeratu, choncho kalata ija njofunika. Achitatu ndi aulere olipiridwa ndi makampani opanga zipangizo, monga a pa AEC Daily ndi pa tsamba la maphunziro la magazini ya Architectural Record. Ambiri ndi a ola limodzi, kumapeto mafunso khumi, satifiketi pompopompo.

Palinso maphunziro a eni mapulogalamu, monga Autodesk ndi Graphisoft, kwa ofuna Revit kapena Archicad.

Aulerewo palibe msampha?

Msampha ulipo, koma ndi woonekera. Kampani yopanga magalasi ikalipirira kosi ya mawindo, musadabwe kuti vuto lililonse m'kosimo likuthera pa galasi. Malamulo a AIA salola kuti dzina la katundu lilalikidwe m'kati mwa phunziro, komabe mtima wa phunzirolo umakhala wolunjika ku sitolo. Tengani sayansi yake: mmene kutentha kumadutsira m'khoma, mmene madzi amakwerera kuchokera m'nthaka, mmene moto umayendera m'denga. Katunduyo musiyeni komweko, poti ngakhale mutamulemba pa pulani, mu hadiweya ya pa Boma simumupeza, ndipo kontirakita adzangoika chomwe chilipo osakuuzani.

Zophunzitsidwa ku America kapena ku Ulaya zingagwire ntchito ku Salima?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mapointi mukhoza kudzaza kope lonse koma nyumba n'kumatentha ngati uvuni.

Tiyambe ndi dzuwa. Kosi yochokera kumpoto kwa dziko lapansi imakuuzani kuti dzuwa la masana limakhala kummwera, choncho khonde ndi mthunzi ziikidwe kummwera. Salima ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator. Kuno dzuwa la masana limakhala kumpoto miyezi yambiri ya chaka, ndipo mu June limapendekera kumpoto kwambiri. Limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa October, n'kupendekera kummwera pang'ono chabe, kenako n'kubwereranso paliwombo chapakati pa February. Mnyamata wina yemwe ndinkagwira naye ntchito anabwera tsiku lina ndi pulani yokongola, khonde lalikulu kummwera, mawindo a kumpoto ali pamtetete. Nditamufunsa, anandionetsa chithunzi cha m'kosi. Sanalakwitse kuwerenga. Anangoiwala kutembenuza chithunzicho.

Koma mdani wathu weniweni si kumpoto kapena kummwera. Ndi kummawa ndi kumadzulo, komwe dzuwa limalowa m'nyumba chogona, khonde lalifupi osaliletsa. Tsono nyanja yathu ili kummawa. Mwini loji aliyense kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota amafuna galasi lalikulu loyang'ana kunyanja, ndipo sangalakwe, alendo amalipirira zimenezo. Zotsatira zake n'zakuti mu October, pofika 8 koloko m'mawa chipinda chatentha kale, dzuwa likuchokera kumwamba komanso kunyezimira pamadzi. Palibe kosi ya ku Chicago yomwe idzakuuzeni vuto limeneli. Chomwe kosi yabwino ingakupatseni ndi kawerengedwe ka mthunzi, ndipo inu n'kuikamo manambala a kwanu: khonde lotalika, timatabwa toimirira totchinga m'mbali, mitengo yosiyidwa osadula, mpata woti mphepo idutse kuchokera mbali ina kukatulukira ina.

Chachiwiri ndi nyengo. Makosi ambiri a kunja nkhawa yawo ndi kusunga kutentha m'nyumba nthawi ya chisanu, choncho amaphunzitsa kutseka mpata uliwonse. Ife tili pafupi mamita 500 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000, ndipo nkhawa yathu ndi kutulutsa kutentha. Sankhani makosi onena za madera otentha ndi achinyezi. Onani ntchito ya Francis Kéré wa ku Burkina Faso, yemwe analandira mphoto yaikulu ya ma architect ya Pritzker mu 2022: sukulu yake ya ku Gando ili ndi denga la malata lokwezedwa pamwamba pa siling'i ya dothi, mphepo n'kumadutsa pakati. Pafupi pompa, ku Kasungu, pali nyumba zodikirira amayi oyembekezera zomwe a MASS Design Group anamanga mu 2015 ndi njerwa za dothi zosaotcha. Zimenezi zili pafupi ndi ife kuposa nyumba yagalasi ya ku Toronto.

Chachitatu ndi miyeso ndi malamulo. A ku America amayesa ndi mainchi ndi mafiti, ife mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Magetsi awo ndi mavoti 120, athu 230. Buku la malamulo lomwe mphunzitsi akutchula ndi la kwawo, ndipo ku khonsolo kuno silikupulumutsani. Mfundo yake tengani, nambala yake itsimikizeni ndi miyezo ya Malawi Bureau of Standards ndi malamulo a kuno.

Nanga inuyo mukanasankha mitu iti?

Ndikanayamba ndi zomwe zinatigwera kale. Pa 10 March 1989 chivomerezi chinagwedeza Salima, chinapha anthu 9 ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Achinyamata ambiri a ntchito yathu anali asanabadwe, ndipo amajambula ngati nthaka ino siigwedezeka, chonsecho tili m'chigwa cha Rift Valley chomwecho chimene chinagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009. Pambuyo pa Karonga boma linatulutsa buku la Safer House Construction Guidelines. Kosi iliyonse yophunzitsa kumanga makoma a njerwa m'madera a zivomerezi muiwerenge bukulo lili pambali: ring beam yozungulira nyumba yonse osati tizidutswa pamwamba pa mawindo, zenera losayandikira pakona, khoma la gebulo lomangiriridwa.

Kenako madzi. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwake, ndipo chakumapeto kwa February chaka chomwecho madzi osefukira anasamutsa anthu zikwizikwi ku Dwangwa. Kosi ya kasankhidwe ka malo, kukweza maziko ndi ngalande ndi ya golide kwa ife. QGIS, pulogalamu yaulere yojambulira mapu, ili ndi maphunziro ambiri aulere, ndipo ikhoza kukuonetsani kuti poloti yomwe bwana wagula motchipa ili m'njira ya madzi.

Makande nawo ali ponseponse m'zigwa za Salima. Dothi limeneli limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, nyumba n'kumang'ambika nalo. Pa intaneti lifufuzeni ndi dzina lakuti black cotton soil, ndipo maphunziro abwino ambiri ndi ochokera ku India, Kenya ndi South Africa, komwe nalonso liliko. Onjezani kamangiriridwe ka denga polimbana ndi mwera, ndi chiswe.

Zikatha izi ndiye EDGE, ndondomeko ya bungwe la IFC, nthambi ya World Bank, yomwe imafuna kuti nyumba ipulumutse 20 pa 100 iliyonse pa magetsi, pa madzi ndi pa mphamvu yopangira zipangizo. Inakonzedwera mayiko ngati lathu, ndipo pulogalamu yake yowerengera ndi yaulere. Nkhani ya anthu aulumali musaisiye: njira ya njinga yokwera mita imodzi imafuna mamita 12 m'litali, koma tikuziona tokha zomwe zimamatidwa pa makomo a mashopu, zoti ngakhale mbuzi ingaganize kawiri. Pomaliza, kosi ya makontirakiti ndi kalembedwe ka mgwirizano ndi kasitomala. Ambiri a ife sitinagwe chifukwa cha khoma lopindika, tinagwa chifukwa chojambula osalemberana.

Zamakono musazinyoze ayi. Mu 2021 kampani ya 14Trees inamanga chipinda chophunziriramo m'boma lino la Salima ndi makina osindikiza konkire, makoma ake m'maola 18, ndipo nkhani yake inamveka dziko lonse lapansi. Koma ine sindingaike maola onse a chaka pa zimenezo pomwe makasitomala anga akumanga ndi mmisiri mmodzi, anyamata awiri ndi wilibala.

Bandulo imatha bwanji? Nanga magetsi akathima pakati pa mayeso?

Ola limodzi la Zoom kamera ili yoyaka limatha kudya kuyambira theka la GB mpaka kupitirira GB imodzi. Zimitsani kamera yanu ndi mavidiyo a anzanu, musiye mawu ndi zithunzi za mphunzitsi zokha, mudzaona kusiyana. Vidiyo yojambulidwa kale itsitseni pa 360p. Nkhope ya mphunzitsi simukuifuna, ndipo zojambula zofunika kawirikawiri zimakhalanso mu PDF. Makosi owerenga, opanda vidiyo, ndi omwe amatikomera kwambiri kuno: mumatsitsa usiku bandulo ikatchipa, kuwerenga masana pa saiti podikira lole ya mchenga, n'kulumikizanso poyankha mafunso pokha.

Khalani ndi malaini onse awiri, Airtel ndi TNM, chifukwa m'mbali mwa msewu wa M5 pali malo pomwe ina imagwira inzake itafa. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo malo ena ogona alendo ali nayo. Ngati munawajambulira pulani, kupempha mpando kwa maola awiri si mlandu. Za magetsi mukuzidziwa kale. Tili ndi minda ya sola ya ma megawatt 60 ku Nanjoka kuno, koma nyali ya mu ofesi imathimabe nthawi yomwe yafuna. Mayeso musawayambe laputopu isanadzaze, ndipo foni ikhale pambali yokonzeka kupereka netiweki. Makosi ambiri a ola limodzi amalola kubwereza mayeso, koma mayeso akuluakulu olipira, okhala ndi woyang'anira pa kamera, netiweki ikaduka akhoza kukutayitsani ndalama. Amenewo ndi bwino kukalembera pamalo odalirika.

Akufuna madola. Ndilipira bwanji?

Ili ndi phiri. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, kosi ya madola 50 si ya masewera, ndipo makadi a mabanki amakhala ndi malire pa zolipira kunja. Funsani ku banki yanu malire a mwezi umenewo musanalembetse. Ku edX makosi ambiri mukhoza kuwaphunzira ulere, satifiketi yokha ndiyo yolipira, ndipo edX ndi Coursera onse ali ndi fomu yopemphera thandizo. Ilembeni moona mtima, mufotokoze ntchito yanu ndi komwe muli. Mabungwe ena amatsitsa mtengo kwa anthu a mayiko osauka, koma salengeza. Kulemba imelo yopempha sikulipiritsa.

Ngati akulipirirani m'bale wa ku Johannesburg kapena ku Ireland, akauntiyo ikhale m'dzina lanu, iye angoikapo khadi. Apo ayi satifiketi idzatuluka m'dzina la alamu anu.

Webinar alemba 1 koloko masana. Kuno ndi nthawi yanji?

Johannesburg, nthawi ndi yomweyo. Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi. London ali kumbuyo ndi ola limodzi nthawi yawo yotentha, maola awiri nthawi yachisanu. New York ali kumbuyo ndi maola 6 kapena 7, choncho 1 koloko yawo ndi 7 kapena 8 koloko madzulo kuno. Iwo amasintha mawotchi mu March komanso chakumapeto kwa October kapena kumayambiriro kwa November, ife sitisintha. M'masabata amenewo yang'anitsitsani kawiri.

Umboni wake ndisunge chiyani?

Satifiketi yokhala ndi dzina lanu monga lilili m'kaundula, osati dzina la pa Facebook. Pakhale tsiku, maola, dzina la kosi ndi nambala yake ngati ilipo. Sungani ndondomeko ya mitu, lisiti ngati munalipira, ndi kalata ija ya bungwe. Pa webinar lowani ndi dzina lanu lonse, chifukwa okonza amawerenga amene analowa ndi mphindi zomwe anakhala. Amene walowa ngati "Galaxy A12" sadziwika kuti ndani.

Kenako lembani mizere itatu kapena inayi: ndaphunzira chiyani, ndipo ndisintha chiyani pa ntchito iti. RIBA ndi ARB amafuna zimenezi, ndipo ngakhale bungwe lanu lisafunse, n'zomwe zimasiyanitsa kuphunzira ndi kuonera. Zonse zikhale malo awiri. Ine chaka china mphezi inapsereza laputopu yanga mu January, masatifiketi a chaka chathunthu ali momwemo. Ena ndinawapezanso pa masamba a eni makosi, ena tsamba lake linali litatsekedwa. Chiyambire pamenepo ndimadzitumizira imelo tsiku lomwelo, n'kusindikizanso pepala loika mu fayilo.

Bwanji ndingosiya vidiyo ikusewera, mwana wa pa atachimenti andiyankhire mafunso?

Zimachitika, tisanamizane, ndipo masiku ano ena akungopatsa ChatGPT. Satifiketi idzatuluka ndithu. Koma mukasaina fomu yonena kuti munaphunzira maola amenewo, mwasaina bodza ku bungwe lomwe lili ndi mphamvu pa dzina lanu, ndipo mabungwe ambiri amasankha anthu ena chaka chilichonse n'kuwafunsa umboni. Chinanso, mwanayo ndiye adzadziwa za makande. Pakatha zaka zitatu kasitomala wanu adzamutsatira.

Wina wanditumizira uthenga kuti akugulitsa masatifiketi a CPD, K30,000 mapointi onse. Ndi zoona?

Mapepala adzakupatsani, mwinanso okongola kuposa enieni. Kosi yeniyeni imatchula mphunzitsi ndi ntchito zake, imaonetsa mitu isanakulipiritseni, ndipo ikanena kuti inavomerezedwa ndi AIA, RIBA kapena bungwe la ku South Africa mukhoza kukatsimikiza kwa eni akewo. Ikangonena kuti "yovomerezeka padziko lonse" osatchula wovomereza, ndalama ikutumizidwa pa nambala ya munthu, isiyeni.

Ndiye kuti misonkhano ya maso ndi maso ilibenso ntchito?

Ili nayo. Mabungwe ambiri amagawa mapointi m'magulu, ndipo salola kuti onse achokere mbali imodzi. Ku SACAP, mwachitsanzo, maphunziro ali gulu lake, ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi kuphunzitsa achinyamata gulu lina, umembala ndi zochita za payekha gulu linanso. Ndiye kulera mwana wa pa atachimenti, kukayankhula kwa ophunzira, ngakhale kulemba nkhani ya ntchito, kwina kumawerengedwa. Funsani m'kalata yomwe ija.

Kupatula mapointi, pali zinthu zomwe intaneti ilibe. Mtengo wa simenti sabata ino, kontirakita amene amathawa ntchito ili pa lintala, mchenga wa mtsinje uti womwe uli ndi matope ambiri: izi zimamveka pa tiyi wa 10 koloko, osati pa Zoom. Chomwe ife tayesa kuno ndi kusonkhana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi Loweruka limodzi pamwezi, bandulo kusonkherana, kuonera kosi imodzi pa TV, kenako aliyense n'kulowa pa akaunti yake kukayankha mafunso yekha. Mbali yokoma ndi mkangano wa pambuyo pake, pomwe wina amati zimenezo ku Benga sizingatheke, wina n'kutulutsa chithunzi cha pa saiti chomutsutsa. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga lopita kukakumana ndi mwera. Tsiku lina tinaitana folomani wachikulire kuti adzaonere nafe kosi ya maziko. Chingerezi chinamudutsa, koma atangoona chithunzi cha mng'alu wa makande anatchula midzi itatu komwe anauonapo, ndi mmene anauthetsera.

Tili mu December, ndilibe pointi ngakhale imodzi. Nditani?

Zengerezu analinda kwawukwawu, koma tisakhalitse pamenepo. Choyamba onani tsiku lomwe chaka cha bungwe lanu chimatha, chifukwa si onse amatseka pa 31 December. Chachiwiri bwererani m'kalendala ndi m'mauthenga a foni kuyambira January: msonkhano wa ku khonsolo wofotokoza malamulo atsopano, tsiku lomwe kampani ya penti kapena ya malata inadzaonetsa katundu wake, ophunzira omwe munawayendetsa pa saiti. Mwina muli ndi maola omwe simunawalembe, ndipo okonza zinthuzo akhoza kukupatsani kalata ya umboni mukapempha msanga. Chachitatu lemberani bungwe lero, muwauze pomwe mwafika, mufunse ngati makosi a ola limodzi angadzaze mpata wotsalawo komanso ngati pali nthawi yoonjezera. Mvula ikayamba ntchito zambiri za pa saiti zimaima, choncho makosi awiri patsiku kwa sabata imodzi n'zotheka. Tsitsani usiku, yambani ndi a madzi ndi a maziko, poti mvula yomweyo ikhala ikukuonetsani pawindo pomwe ngalande zanu za chaka chatha zikulephera.